Kamakina Katsopano pa Boti la Alamu

Mmisiri wowotcherera anasankha kamakina konyamula ndi dzanja limodzi, atakayesa m'sitolo pa chitsulo chosachita dzimbiri. Kanagwira bwino kwabasi, moti za aluminiyamu sanavutike n'kufunsa komwe.

Atafika kushedi, alamu ake anamuonetsa kamng'alu pansi pa boti lawo la aluminiyamu. Iye anayatsa kamakinako n'kumadikira kuti pafiire, monga chimachitira chitsulo chimene anachizolowera. Koma sipanafiire ayi. Panangosungunuka ngati kandulo, n'kutsala chibowo choti mutu wa munthu n'kulowa.

Anavula chotchinga kumaso, kukamwa kuli yasa, manja ali lende.

Alamuwo anasuzumira pachibowopo n'kuona simenti yapansi.

"Alamu," anatero mwini botiyo, "chonde, ndibwezereni kamng'alu kanga kaja."