Zithunzi za Chaka Chamawa

Boma likafuna kudziwa ngati mumakondanadi silifunsa mtima ayi, limafuna zithunzi. China muli pageti, nambala ya nyumba ikuoneka bwinobwino. China muli kukhitchini. China mwakhala pabedi awiriwiri ngati ana odikira jakisoni. Mlendo wokwatira mkazi wa kuno ku Thailand amanyamula zithunzi zimenezo chaka ndi chaka, mkazi ali pambali, kupita ku ofesi ya olowa ndi otuluka kuti akamudindire chaka china m'pasipoti. Mkazi palibe, chidindonso palibe.

A Lester zimenezi anazizolowera. Anachoka kwawo ku Australia tsitsi likadalipo, pano mutu unali mbee ngati dzira losenda. Anamanga nyumba m'mudzi wa mkazi wawo Lamduan, yemwe ankangomutchula kuti Duan, kufupi ndi tauni ya Yasothon, ndipo tsiku la zithunzi linkakhala la nkhondo, chifukwa Duan sankatha kujambulitsa ngati munthu. Nthawi yomwe foni ikulira, iye ankamutsina mdalayo pathako. Chaka chilichonse! Mdala ankatuluka pachithunzi atayasama ngati nsomba yapamsika. Chaka china mayi wa ku ofesi uja anaseka mpaka kuitana anzake kuti adzaone.

Chaka chino Duan anali atatha. Chiwindi. Dokotala wa ku Khon Kaen anawauza kuti apite kunyumba, mayiyo azikadya chilichonse chimene mtima wake wafuna. Mawu amenewo aliyense amawamva.

Viza inali isanathe, koma Duan anaumirira kuti apite tsiku loyambirira limene ofesi ingawalandire.

“Tipite ndikadali chiimire,” anatero. “Akadzandiona chigonere adzati mwakwatira mtolo wa nkhuni.”

Wojambula anali mkulu wake wa Duan, a Thongbai, mayi wamasiye wogulitsa nkhuku zowotcha pamsewu, wa mawu omveka kutsidya kwa munda wa mpunga. Anamuveka mng'ono wawo bulauzi yofiira, n'kuipana kumsana ndi mapegi oyanikira zovala kuti isaoneke kukhwepa. Milomo anaipaka mpaka inachita kuwala.

Pageti Duan anatsamira chipilala.

“Iwe, watseka nambala!” anakuwa a Thongbai. “Boma silifuna nkhope yakoyo, likufuna nambala. Alamu, mugwireni munthuyo, mwangoima ngati mwabwera kudzagula mpunga.”

A Lester anamugwira m'chiuno. Dzanja lawo linapeza nthiti zokhazokha ndi mapegi. Anamwetulira chifukwa foni inali itawaloza. Ndiye tsinu! Kutsina kwake kunali kopanda mphamvu, ngati kuluma kwa nyerere, koma mdala analumpha mwadala n'kukuwa, ndipo Duan anaseka mpaka kutsokomola.

Kukhitchini anagwira munsi ngati akusinja papaya ndi tsabola, chonsecho mumtondo munalibe kanthu. Kenako kuchipinda. Atajambulidwa pabedi, Duan anadzuka pang'onopang'ono, kugwirira khoma, n'kulanda foni m'manja mwa mkulu wake.

“Achemwali, khalani apa pamene ndinali inepa.”

“Ndikhaliranji pabedi pa eni?”

“Khalani basi. Sunthirani pafupi, saluma ameneyo, mano ake ndi ogula.”

A Thongbai anakhala, maso ali pansi. Sanafunsenso kachiwiri, ndipo pamenepo a Lester anazindikira kuti awiriwa nkhaniyi anaikambirana kale.

“Duan, ukutani?”

“Ndikujambuliranitu za chaka chamawa. Mdala inu, yang'anani kuno.”

“Siya masewera.”

“Masewera ati? Tawerengani nokha njira zanu. Viza ya okalamba imafuna ndalama zogona kubanki, zanu zinagona kuchipatala. Mwana tilibe. Njira yomatuluka m'dziko n'kumalowanso pamalire, ndi mawondo anu olira ngati chitseko amenewo? Kapena mukalembetse sukulu ya chilankhulo? Zaka zonsezi muli kuno, mukafuna kufunsa chimbudzi anthu amakupatsani supuni.” Anapumira kaye. “Ine ndikapita, achemwali ali pano. Mukalembetsa ukwati kuboma, basi. Aliyense azigona kwake. N'zapapepala chabe.”

“Ine mkonono wanu sindingaupirire, alamu, musaope,” anatero a Thongbai, koma mawu awo sanafike ngakhale pakhomo.

A Lester anadzuka mwaukali. Foni inalira nthawi yomweyo. Anatuluka osayang'ana m'mbuyo, n'kukaima kuseri kwa nyumba pafupi ndi dziwe la nsomba, akuponya chakudya m'madzi mpaka nsomba zinatopa n'kusiya kubwera.

Atalowanso anapeza Duan atagona, mapegi ali pathebulo.

“Mwakwiya?”

“Eya.”

“Kwiyani, kumakukhalani.” Anawagwira chala. “Mafupa anga akawaika m'khoma la kukachisi. Ndani azindibweretsera khofi wozizira? Achemwali amaumira mkaka. Ndikufuna muzidutsa pamenepo m'mawa uliwonse ndi kabudula wanu wonyansa uja, ndizikusekani. Mukapita kwanu ndiziseka ndani? Kwanu kuli ndani, mdala? Ngakhale galu wokudziwani kulibe.”

Zinali zoona.

Ku ofesi anapita. Duan anayenda yekha kuchoka pagalimoto mpaka pampando, anasaina, ndipo mayi wa ku ofesi uja atayang'ana chithunzi cha pageti anamwetulira, kenako atayang'ana Duan kumwetulira kuja kunazima. Sananene kanthu. Patapita milungu chidindo chinatuluka: chaka china.

Duan sanachione chakacho. Anamwalira mpunga utangokololedwa, mphepo yozizira itayamba. Amonke achibuda anapemphera, mtembo anautentha, ndipo m'mawa mwake abale anatola mafupa m'phulusa n'kukawatsekera m'kabowo ka m'khoma la kachisi, kachithunzi kake kali pamwamba. A Lester anayamba ulendo wawo wa m'mawa uliwonse: kabudula yemwe uja, khofi wozizira m'kapepala kapulasitiki, mkaka wambirimbiri. Ankaika pansi pa khoma, n'kukhala pamenepo mpaka madzi oundana asungunuke.

Koma chidindo sichidziwa maliro. Mvula inabwera, mpunga wina unamera, ndipo tsiku lolembedwa m'pasipoti linayamba kuyandikira ngati galimoto yopanda mabuleki.

Tsiku lina masana a Thongbai anafika panjinga yamoto, atavala bulauzi yatsopano, tsitsi atakonzetsa. Anatula nkhuku yowotcha ndi kadengu ka mpunga womata pakhonde.

“Alamu, idyani, mukasambe. Ine ndinalonjeza munthu, ndipo sindifuna azindibwerera kumaloto. Mumamudziwa, sangabwere mwaulemu ameneyo.”

“Achemwali, simukuyenera kuchita zimenezi.”

“Ndani wakufunsani? Kuboma tipita mawa. Lero tiyesere zithunzi, tione ngati tikuoneka ngati anthu okwatirana kapena ngati akaidi.”

A Lester anayang'ana nyumba yawo. Mitengo ya mango imene anabzala ndi Duan, dziwe, msewu wopita kukachisi. Kwawo ku Australia kunali kachipinda kamene mwana wa mlongo wawo anati angawabwereke kwa kanthawi. Analowa kukasamba.

Foni anaiimika pampando wa njinga, n'kuitchera kuti ijambule yokha. Pageti zinayenda. A Thongbai anaima chilili ngati msilikali, nambala ikuoneka bwino. Kukhitchini zinayendanso, mwinanso kuposa kale, chifukwa mumtondo munali papaya weniweni.

Kuchipinda a Thongbai anazengereza pakhomo. Nsapato anali atavula kale, ndiye anangopukuta mapazi opanda kanthu pachopondera. Anaimika foni pagalasi, n'kudzakhala pabedi, mbali ya Duan.

“Sekererani, alamu. Iyamba kuwerenga.”

A Lester anayang'ana foni. Ndipo osadziwa, thupi lawo linakonzeka lokha. Thako linauma gwa, mapewa anakwera, mpweya anaugwira, monga linkachitira chaka chilichonse kwa zaka zonse zija. Linali kudikira kutsinidwa.

Foni inalira.

Palibe anawatsina.

Anakhalabe chomwecho, ataumitsa thupi, ngati mwina kwangochedwa. Kenako mpweya uja unatuluka ndi mawu amene iwo eni sanawadziwe kuti ali nawo. Pamaliro sanalire chonchi. Analira atagwira mawondo, mamina ali chuchuchu, mdala wamkulu ndithu.

A Thongbai anayamba ndi kukalipa. “Aa, alamu, mwayambanso chiyani? Mukuononga chithunzi!” Koma nawonso anayamba kulira. Analira awiriwo pabedi pa Duan, wina kuyang'ana kukhoma, wina kuyang'ana pansi.

“Sindingathe, achemwali,” anatero a Lester pamapeto pake. “Pepani. Chaka chilichonse ndizikhala apa kumadikira?”

A Thongbai anapukuta nkhope ndi bulauzi yatsopano ija. “Nanenso sindingathe. Pamalo pano pakundiotcha.” Anamina. “Komanso ndinu wonyansa, alamu, tinene zoona. Mwamuna wanga anali wooneka bwino.”

Anatenga foni kuti afufute zithunzizo. Pofufuza anapeza chakale chija, chimene Duan anajambula tsiku lija: a Thongbai atayasama, ndi thako la a Lester likutuluka m'chithunzi, losaoneka bwino chifukwa cha liwiro. Pakona panali chala cha wojambula, chowonda, chitatseka pang'ono.

“Ichi musafufute,” anatero a Lester.

Kuboma sanapite. Masiku otsalawo a Lester anagawa nsomba za m'dziwe kwa anansi, n'kuwaphunzitsa a Thongbai kapangidwe ka khofi.

“Mkaka wonsewo? Ameneyu anafa ndi chiwindi kapena shuga?”

“Thirani basi. Mukaumira adziwa.”

M'mawa wa tsiku lonyamuka anapita kukachisi komaliza, kabudula yemwe uja. Anaima pakhoma nthawi yaitali. “Seka lero zokwanira,” anatero. “Ndakukanika, Duan. Undikhululukire.” Atabwerera anapeza a Thongbai akudikira pageti ndi kachitini kamkuwa kokhala ngati kansanja ka kachisi, kokwana m'dzanja.

“Ndinapatula kafupa kamodzi tsiku lija,” anatero. “Ndinkadziwa kuti ndinu wamakani. Mupite naye, akaoneko kwanuko. Iye safuna viza.”

A Lester anakalandira ndi manja awiri, n'kukaika m'thumba la shati.

Galimoto yopita ku bwalo la ndege inali itaima kale pamsewu, koma a Thongbai anatulutsa foni. “Imani pageti. Chimodzi chokha, changa ine, osati cha boma.”

Anaima pamalo pawo pa masiku onse, kumanja kwa chipilala. Pakati pa iwo ndi nambala ya nyumba panatsala mpata wokwana munthu mmodzi wochepa thupi.

“Sunthirani pakati, alamu, chithunzi chapendekeka.”

“Jambulani choncho.”

A Thongbai anayang'ana mpatawo, n'kukweza foni.