Chitseko Chikhale Chotsegula

Mu ofesi yothandiza ophunzira a payunivesite kupeza ntchito munali lamulo lopachikidwa pakhoma: wolemba ntchito akamafunsa mafunso wophunzira, chitseko chikhale chotsegula. Mlembi wa ofesiyo ankalidutsa tsiku ndi tsiku osaliganizirako.

Tsiku lina kunabwera bwana wa kampani yaikulu, yomwe chaka ndi chaka inkatenga ophunzira makumi atatu. Anali bambo wa mimba yake, wonunkhira perefyumu, woseka ndi aliyense ngati wofuna mavoti. Mkulu wa ofesi, ponyamuka kupita kumsonkhano, anamunong'oneza mlembi kuti, "Ameneyu mumugwire ngati dzira." Mlembiyo anali asanathe miyezi itatu pantchito, kalata yomukhazikitsa isanatuluke, ndipo kunyumba ana awiri ankayang'ana kwa iye yekha.

Ophunzira anandanda pamzere. Anyamata anayi analowa ndi kutuluka m'chipinda chimene bwanayo ankafunsiramo mafunso, chitseko chili chitsegulire. Kenako analowa mtsikana wa chaka chomaliza, atavala jekete yobwereka yomwe manja ake ankabisa zala. Chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono, mosachita phokoso.

Mantha anamugwira mlembi. Mwina ndi mphepo, anadzinamiza, ngakhale mawindo onse anali otseka. Ophunzira a pamzere anali ataweramira mafoni, ofesi yonse ili zii. Mphindi zisanu zinadutsa, kenako khumi. Akatsegula, ntchito yake ithera pomwepo. Akapanda kutsegula, mwana wa eni ali mkatimo yekha.

Mlembi anadzuka, nagogoda kamodzi, natsegula osadikira yankho.

Bwanayo anali atachoka kuseri kwa tebulo. Mpando wake unali utagundana ndi wa mtsikana uja, dzanja lili paphewa pake. Mtsikanayo anali atauma gwa, maso ali pansi.

"Pali vuto, mayi?" anafunsa bwanayo, akumwetulirabe.

"Pepani bwana, chitsekochi... lamulo lathu silikulola."

"Lamulo! Mwayamba liti ntchito kuno inu?" Anaseka, natola chikwama chake mosapupuluma. "Abwana anu amva kuchokera kwa ine."

Anatuluka osawayang'ana ophunzira khumi ndi awiri omwe anamudikira chiyambire m'mawa. Mzere unayamba kung'ung'udza.

"Mayi inu mwatiwonongera!" anatero mnyamata wina. "Nkhani ya chitseko basi?"

Mlembi anabwerera patebulo lake. Anakhala pampando wake akudikira kuti foni ilire.

Mzere utabalalika, mtsikana uja anafika patebulo natambasula dzanja. Munali kapepala kolembedwa dzina la hotela, nambala ya chipinda ndi nthawi.

"Akuti mafunso otsalawo tikamalizire kumeneko, faifi koloko," anatero motsitsa mawu.

"Usapite, mwanawe. Bweretsa kapepalako, ndikawaonetse abwana. Munthu ameneyu asadzapondenso kuno."

"Nanga ntchito?"

"Makampani ena abwera."

"Abwera liti? Achemwali anga anamaliza zaka zinayi zapitazo, mpaka lero ali pakhomo." Misozi inalengeza m'maso mwake. "Amayi andiimbira kale katatu, akufuna amve kuti zayenda bwanji."

"Ndakugwira mwendo, ndipatse kapepalako."

Mtsikanayo anakayang'ana nthawi yaitali. Kenako anakapinda kawiri, nakaika m'thumba la jekete.

"Zikomo, mayi, potsegula chitseko chija," anatero, natsika masitepe mofulumira.