Chilolezo Chotera

Pa nsanja yoongolera ndege onse ankamutchula kuti Alamu, chifukwa anakwatira mlongo wake wa bwana wa bwalolo. Ntchito yake inali kukhala patsogolo pa makina, mahedifoni kumakutu, n'kumauza ndege iyi kuti itere, iyo idikire.

Dziko lawo linali laling'ono, lopanikizika pakati pa mayiko awiri akuluakulu amene ankathirana nkhondo. Lamulo linali loti iwo salowerera, ndipo ndege ya nkhondo ya mbali iliyonse isatere pabwalo lawo. Koma a kumpoto, amene anali pa mgwirizano wa asilikali ndi mayiko ena ambiri, anali atayamba kufinya. Mafuta ankabwera modontheza, mankhwala m'zipatala anatha, akazembe awo akungobwereza nyimbo imodzi: lowani mumgwirizano tikutetezeni. A kum'mwera nawo ankati tsiku limene mudzasaine, mwasanduka adani athu.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, m'mahedifoni munamveka munthu wopuma mwabefu. Anati akuyendetsa ndege ya asilikali a kumpoto, yodzaza ndi ovulala, injini imodzi ikuyaka, ndipo akupempha kutera.

Alamu anaimbira bwana wake.

"Alamu, muli ovulala mmenemo. Sifika kwina kulikonse."

"Musandiike m'moto, alamu," anayankha bwanayo. "Lamulo mukulidziwa."

"Ndiye ndiwauze chiyani? Akagwere pa nyumba za anthu kuseri kwa mpandaku?"

"Dikirani ndiimbire a nduna."

A nduna anali pa msonkhano, foni yozimitsa. Wachiwiri wawo anati nkhaniyo ndi ya mkulu wa asilikali. Mkulu wa asilikali anati ndi ya a nduna. Mmenemo utsi wakuda unali utayamba kuoneka pawindo la nsanja.

"Nsanja, msewu wanu woterapo ndikuuona," anatero woyendetsa uja. "Chonde." Kumbuyo kwake kunkamveka munthu akulira ngati mwana.

Alamu anayang'ana anzake. Wina anali atavula mahedifoni, wina akuyang'ana pansi. Malaya a Alamu anali atanyoweratu ndi thukuta. Anadina batani.

"Terani."

Inatera mokhukhuluza phiko, ozimitsa moto akuithamangira. Anatulutsamo anthu pa machira, ena opanda miyendo, ena opsa osazindikirika nkhope. Ambiri anapulumuka.

Dzuwa lisanalowe, wailesi ya a kumpoto inali ikuthokoza abale awo atsopano. Ya kum'mwera inati chinyengo chaonekera poyera. A kum'mwerawo anatseka malire n'kuimika akasinja m'mphepete mwake. Aphungu amene dzulo lake ankalumbira kuti sadzasaina anayamba kunena kuti madzi afika m'khosi, palibenso kuchitira mwina.

Akuluakulu anamuimitsa ntchito Alamu. M'kachipinda kopanda windo, apolisi ankasinthana kumufunsa kuti anamutuma ndani.

"Palibe, bwana. Munali anthu mmenemo."

"M'dziko muno mulibe anthu?"

Atamumasula anapeza magalasi a nyumba yake ataswedwa ndi miyala, mkazi wake akusesa zidutswa.

Mgwirizano unasainidwa. Pamodzi ndi mafuta ndi mankhwala panabwera lamulo loti dziko lililonse la mumgwirizano lipereke asilikali, ndipo anyamata onse amene anamaliza sukulu chaka chimenecho akaonekere ku bareki ya asilikali. Mwana mmodzi yekhayo wa Alamu anali m'gululo.

Alamu anathamangira kunyumba kwa bwana wake uja. Anamusiya ataima pa geti mpaka miyendo inachita dzanzi, kenako bwanayo anatuluka ndi thaulo pakhosi.

"Alamu, mumadziwana ndi akuluakulu. Ndi mwana wa mlongo wanu uyu."

"Inenso andichotsa ntchito chifukwa cha inu. Wanganso amuitana. Ndikapemphe kwa yani?"

Tsiku lonyamuka, pa bareki panali khamu la makolo. Anyamata anawameta mipala n'kuwandandalika pafupi ndi malole. Alamu anadzipanikiza mpaka anafika kwa sajeni amene ankawakweza, nagwada pafumbi.

"Tengani ine, bwana. Ndege ndinaiteretsa ndine, mwanayu sakudziwapo kanthu. Ndimadziwa za mawailesi, ndikakuthandizani."

Sajeniyo anayang'ana imvi zake. "Madala, ine ndangopatsidwa anthu oti ndikweze. Patukani."

Alamu anagwira nsapato ya sajeniyo. Anthu anayamba kuloza, ena atamuzindikira. Ndi mwana wake amene anatuluka pamzere n'kumudzutsa, akumusasa fumbi m'maondo.

"Dzukani, bambo, anthu akuona. Mukawauze amayi asamalire kwambiri, BP yawo ija."

Alamu anafuna kumuuza kuti akhululuke, koma nthawi inali itatha. Mnyamatayo anakwera. Malole atayamba kuyenda, Alamu anathamangira limene munali mwana wake, akumenya chitsulo cha kumbuyo ndi chikhatho, akukuwa kuti aime, mpaka linamusiya pa mphambano. Anakhala pansi m'mbali mwa msewu, chifuwa chikuwotcha.

Mayi wina amene nayenso anaperekeza mwana wake anaima pafupi naye. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinu aja a ndege?"

Anavomera ndi mutu, akudikira malovu kapena mwala. Mayiyo anangokhala pansi pomwepo, nayamba kulira.