Chipewa Chosabwezedwa

Yesenia anawazindikira mapaziwo tsiku loyamba lomwe anamvera tepiyo, koma sanauze munthu. Tepiyo inajambulidwa kwawo, m'tauni ya m'mbali mwa mtsinje ku Veracruz, iye asanabadwe n'komwe, ndipo inangokhala m'kabati ku yunivesite mpaka Dokotala Berenice, mphunzitsi wake wa mbiri ya nyimbo, anaitulutsa. Munali timagitala ta jarana, nyimbo imene masiku ano palibe amaiimba, ndi mapazi a mtsikana mmodzi akugunda thandala la matabwa lovinirapo gule wa fandango: katatu mofulumira, kenaka zii, kenaka chidendene. Mgundo umenewo Yesenia anakula nawo. Umu ndi momwe azakhali ake, a Crisanta, ankagundira pansi akakhala pa makina osokera n'kuiwala kuti m'nyumbamo muli munthu.

Komatu a Crisanta omwewo, amene anamulera, ndiwo analumbira kuti mwana wa pakhomo pawo sadzaponda pa thandala. Eleazar, mnyamata woimba jarana amene Yesenia ankakumana naye mobisa kuseri kwa msika, iwo ankangomutcha "wakagitala uja". Anali atachenjezeratu kuti akadzangomva kuti Yesenia wavina, adzapeza katundu wake panja.

Yesenia ankafuna kuvina, ndipo ankafuna kuvina azakhali akuona. N'chifukwa chake anaumiriza Dokotala Berenice kuti tepiyo asakaiulutsire m'holo ya mumzinda, koma kwa eni ake, pabwalo la tchalitchi, Lamulungu masana. Dokotalayo atamufunsa ngati pali wina wake amene akumuganizira kuti ndiye wovinayo, iye anangoseka n'kunena kuti mwina.

Lamulungulo bwalo linadzaza misa itangotha. Ogulitsa chinanazi ndi nsomba zokazinga anasunthira magome awo pafupi, ana anakwera pampanda, oimba anakhala mozungulira thandala zipewa za mlaza zili pamutu. Dokotala Berenice sanachulutse mawu. Anauza anthuwo kuti nyimboyo ndi yawo, yunivesite inangoisunga, ndipo chomwe akupempha n'choti amuuze wovinayo ndani komanso mavinidwewo ankayenda bwanji. Yesenia anaima pafupi ndi mkuzamawu n'kumwaza maso pa gulu la anthu. Kumbuyo kwenikweni anaona ambulera yakuda ya azakhali, omwe anali atanena m'mawa kuti angodutsa pokapereka diresi ya kasitomala.

Tepi itayamba, phokoso lonse linatha. Nkhalamba zina zinayamba kung'ung'udza nyimboyo, mayi wina anakumbukira mawu a vesi yonse n'kuyamba kulira uku akuseka. Kenaka anamveka mapazi aja. Nyimbo ili pafupi kutha, pa tepipo panamveka chipwirikiti, ndipo mnyamata wina anakuwa kuti, "Iwe mtsikana, chipewa changa!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Aliyense amadziwa kuti mwamuna akagoma ndi mavinidwe a mtsikana amamuveka chipewa chake, ndipo nyimbo ikatha mtsikanayo amabweza. Uyu ndiye sanabweze.

A Liborio, mkulu woolotsa anthu pa bwato, anaimirira pang'onopang'ono. "Wolirayo ndine," anatero.

"Mpake dazi lakolo linapsa, Liborio," anawanyogodola mnzawo wina. Anthu anawakakamiza kuti atchule wakubayo, koma iwo anakana. Anangoti bambo ake a mtsikanayo anatulukira ndi lamba, iye n'kuthawa chipewa chili pamutu, ndipo chiyambire pamenepo sanavinenso. Dzina lake, anatero, atchule yekha mwini wake.

Yesenia anacheuka. Ambulera ija kunalibe. M'maganizo ankaona kale sutukesi yake ili pakhonde. Eleazar anamunong'oneza kuti kwawo kwa iyeyo mayi ake ali ndi chipinda chopanda munthu. Koma Yesenia sankafuna chipinda, ankafuna azakhali ake.

Dokotala anali pafupi kubwereza tepi pamene anthu anayamba kupatuka. A Crisanta ankabwera chakuthamanga, atavala nsapato za zidendene zolimba zimene Yesenia anali asanazionepo, m'manja muli chipewa cha mlaza chofiirira ndi ukalamba.

"Nachi chipewa chanu, a Liborio. Musamandichititse manyazi pa mkuzamawu."

"Mwachedwa nachotu, Crisanta. Nyimbo ija inatha kalekale."

"Wakuuzani ndani kuti inatha?"

Anakwera pa thandala anthu akuwomba m'manja ndi kuimba malikhweru. Analoza Eleazar ndi chibwano n'kumuuza kuti, poti iye ndi wakagitala, aonetse ngati makutu ake anagwira kanthu pa tepipo. Eleazar anaiyamba nyimboyo, anzake n'kumutsatira. Katatu mofulumira, zii, chidendene. Matabwa analira chimodzimodzi ndi a pa tepi, ndipo Dokotala Berenice anatsala pang'ono kugwetsa kamera.

Ali mkati movina, a Crisanta anamuyang'ana Yesenia. "Iwe wa ku yunivesite, ukuyesa sindikudziwa amene wandilondola ndi tepi mpaka pakhomo? Kwera kuno. Ukaphunzira kwa ena udzandiwonongera nyimbo."

Yesenia anakwera. Mapazi ake anaudziwa mgundowo okha, poti anaumva usiku ndi usana kuyambira ali wakhanda. Asanafike patali anamva chinthu chopepuka chikutera pamutu pake. Eleazar anali atasiya kuimba kamphindi n'kumuveka chipewa chake pamaso pa tauni yonse, kenaka n'kubwerera pamalo pake osayerekeza kuyang'ana azakhali.

A Crisanta anachiyang'anitsitsa chipewacho, anamuyang'ananso mnyamatayo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, zidendene zawo osaphonya ngakhale kamodzi.

"Nyimbo ikatha umubwezere," anatero chapansipansi. "Kuchisunga m'bokosi n'kowawa."

Yesenia anagwedeza mutu, anachikanikiza chipewacho kuti chisagwe, n'kukodola oimba kuti asafulumire kumaliza.