Mpando wa Pachitseko

Amuna anga, a Merv, akaona chinthu chotsika mtengo amati, "Pali chimene achotsapo." Ananena choncho pa waya wa mpanda, ananenanso pa pampu yothirira malalanje imene inafa dzuwa la January lili pamutu. Ndiye mwana wathu Tegan atalembedwa ntchito yothandiza anthu m'ndege, pa kampani ija imene inayamba kutera kwathu ku Mildura kawiri pa mlungu n'kumatengera anthu kunyanja ya ku Queensland pa mtengo wosasiyana ndi wa basi, ine ndinadziwiratu zimene tizimva pakhomo.

"Achotsa chakudya, Adadi," Tegan ankawayankha. "Achotsa pilo, achotsa katundu waulere. Ndege zonse ndi za mtundu umodzi, amakaniko amazidziwa ngati mmene inu mumadziwira thirakitala yanu. Ikatera siikhalitsa, imanyamula ena n'kubwerera. Mabawuti sanachotse."

"Iweyo mabawutiwo unawaona?"

Chaka chonse nkhani inali yomweyo. Ndege ikamadutsa pamwamba pa munda, a Merv ankasiya chimene akugwira n'kuiyang'ana mpaka itazimiririka, ndipo chakudya sichinkawalowa mpaka galimoto ya mwanayo italowa pageti madzulo. Kenako anakamupezera malo mu ofesi ya shedi yolongedzera malalanje. Lamlungu lina tikudya nyama ya nkhosa yootcha, Tegan anaika foloko pansi.

"Kwerani kamodzi kokha, ine ndili pantchito. Mukatsika mtima wanu usanakhazikike, ndisiya, ndipita ku shedi kwanuko."

"Wanena wekha," anatero bambo ake.

Ntchito imeneyo mwanayo amaikonda, koma sabweza mawu, anatengera bambo akewo.

Tinasankha mwezi wa May, malalanje asanapse. Matikiti anagula okha a Merv pa foni, atavala magalasi, chala chimodzi. Popeza ndi atali miyendo, anawonjezera ndalama kuti akhale pa mpando wa pafupi ndi chitseko chothawira pangozi, pamene pali malo otambasula. Foni inawafunsa ngati ali ndi mphamvu zotsegula chitsekocho, iwo anavomera osaganiza kawiri, munthu amene wakhala akusenza mabokosi a malalanje moyo wake wonse. Koma chaka chatha anagwa pa makwerero, ndipo kuyambira pamenepo mkono wawo wamanja sukwera kupitirira pachifuwa. Jekete ndimawaveka ndine. Kunja kwa nyumba yathu palibe akudziwa, chifukwa iwo safuna.

Pabwalo la ndege tinapeza theka la anthu ndi odziwana nawo. A Sandro, alimi a mphesa a tsidya la msewu wathu, anali atavala majuzi awiri ndi jekete pamwamba kuti chikwama chipepuke pa sikelo.

"Merv, iwenso? Ndimayesa unati udzakwera ndegeyi uli m'bokosi."

"Ndabwera kudzaona ngati ingadzuke nawe ndi zovala zonsezo."

Ine ndinali ndi masangweji a nyama yotsala dzulo lake m'kachikwama ka m'manja. Tinayenda wapansi kupita pamene panaima ndege, mphepo ikuluma makutu. Anthu ochokera kunyanja anali atangotsika kumene, atavala makabudula, akuthamangira m'nyumba. Pansi pa phiko panali mayi wina wovala chovala chowala, akuzungulira ndegeyo pang'onopang'ono. Anasuzumira mu injini, kenako ananjuta pa tayala n'kuliyang'anitsitsa.

"Ndi woyendetsa uyo," ndinatero. "Tegan amati amachita zimenezi ulendo uliwonse."

"Akuyang'anadi kapena akungofuna timuone?"

Mayiyo sanacheukire kwa ife n'komwe. A Merv anatsalira m'mbuyo kumuyang'ana mpaka mnyamata wolondolera anthu atawakodola.

Ine sanandiwonjezerere ndalama zosankhira mpando, ndiye makina anandiponya kumbuyo kwawo pang'ono, pamene ndinkaona nkhongo yawo. Anali atatambasula miyendo ngati ali pakhonde. Anthu atakhazikika, Tegan anabwera pa mzere wawo, tsitsi atamanga bwino, nayamba kufunsa aliyense wa pamenepo ngati ali wokonzeka kuthandiza pakagwa ngozi. Atafika pa bambo ake anaima. Ndinaona makutu ake akufiira.

"Mpando uwu ndi wanu?"

"Ndinagula," anatero a Merv, mosangalala ndithu. "Sindinafune kukuvutitsa."

Tegan anawerama, nalankhula chapansipansi. Ine ndinamva chifukwa mawu a mwana wanga ndimawamva ngakhale pa phokoso.

"Adadi, pano simungakhale. Chitsekochi chimafuna mikono iwiri."

"Ndili nayo iwiri."

"Kwezani wamanjawo mugwire apa." Analoza pamwamba pa chitseko.

A Merv sanakweze. Anayang'ana pawindo.

"Ndani akudziwa?" anafunsa.

"Ine."

"Ndiye pita ukagwire ntchito yako."

"Ndiyo ndikugwirayi. Ndege sinyamuka inu muli pamenepa."

Ndinadziwa kuti mwanayo akudziwa zimene akutaya. Akanangodutsa, bambo ake akanafika kunyanja atatambasula miyendo, okondwa, mwina n'kunena mawu abwino. A Sandro, amene anali tsidya la kanjira, anasolola khosi.

"Kwatani Merv? Akukutsitsa? Unabisa chiyani m'thumba?"

"Akuti ndakalamba," anayankha a Merv, akumasula lamba ndi dzanja lamanzere.

"Zimenezo tikanakuuza kwaulere."

Anthu anaseka, a Merv sanaseke. Tegan anapempha mtsikana wa pafupi ndi ine, wa mikono ngati ya ometa nkhosa, kuti asinthane nawo. Mtsikanayo anamvetsera malangizo onse a chitseko n'kuvomera. Amuna anga anadzipinda pambali panga, mawondo atagunda mpando wa kutsogolo.

Ndege inathamanga n'kudzuka. Pansi ndinaona mtsinje wa Murray ukupindika pakati pa minda, mizere ya mphesa itasanduka yachikasu, kenako dothi lofiira lokhalokha. Ndinawapatsa sangweji, anakana. Ndinawasiya. Munthu amene mwakhala naye zaka zambiri umadziwa nthawi yomusiya.

Patapita nthawi Tegan anafika ndi kangolo ka zakumwa.

"Tiyi, Amami? Adadi?"

"Ndi waulere kwa amene walandidwa mpando?"

"Ayi. Za mpando akubwezerani ku ofesi, koma tiyi ndi wogula."

A Merv anatulutsa khadi la kubanki mong'ung'udza. Tegan akuthira madzi otentha, iwo anafunsa osamuyang'ana.

"Abwana ako akanadziwa?"

"Sakanadziwa."

"Nanga chinakuvuta n'chiyani?"

"Anthu onse a mizere iyi potulukira pawo ndi pamenepo. Amami omwe." Anavundikira kapu n'kuwapatsa kudzanja lamanzere. "Chaka chilichonse amatiyesa, Adadi. Kutsegula zitseko, kuzima moto, kutulutsa anthu mu utsi. Ukalephera sukwera ndege mpaka utakhoza. Ndiye ine ndikhoze kumeneko, ndidzalephere pa inu?"

Anakankha kangolo kupita kutsogolo. A Merv anamwa tiyi wawo pang'onopang'ono, kenako anatambasula dzanja, ine n'kuikamo sangweji ija.

"Glenys," anatero atatafuna, "ukukumbuka shedi yakale ija, imene inatsekedwa?"

"Ndikukumbuka."

"Zinthu zitayamba kuthina, sanayambe ndi kuchotsa makina. Anayamba ndi mkulu uja wokana zipatso. Eni shedi ankati amabweza malalanje ambiri, alimi akudandaula. Atachoka iye, chilichonse chinkalowa m'bokosi."

"Nanu munkadandaula nawo."

"Ndinkadandaula. Anandibwezera lole yathunthu tsiku lina, pamaso pa anthu." Anapukuta pakamwa. "Koma nthawi yake malalanje a shedi imeneyo sankabwerera kuchokera ku msika."

Anayamba kuyang'ana mmene atsikana ndi mnyamata wa m'ndegemo ankagwirira ntchito, ngati mmene amayang'anira othyola zipatso tsiku loyamba. Ndege itagwedezeka pang'ono pa mitambo, kachizindikiro ka lamba kanayaka, ndipo Tegan anayenda mzere ndi mzere kuona aliyense. A Sandro anali atagona, lamba ali pansi pa majuzi awo. Anawadzutsa.

"Mwana iwe, ndinakunyamula uli wakhanda."

"Ndikudziwa, a Sandro. Ndionetseni lamba."

Apa ndiye a Merv anaseka, mpaka tiyi anatsala pang'ono kutayika.

Tikutsika, nyanja inaonekera kudzanja lamanja, yobiriwira m'mphepete, ndi mzere woyera wa mafunde. Matayala anagunda pansi mofewa. Tinadikira kuti anthu achepe chifukwa miyendo ya a Merv inali itachita dzanzi. Pofika pakhomo tinapeza Tegan atavala kale magolovesi, thumba la zinyalala lili m'manja, poti iye ndi anzake amakonza okha m'ndegemo ena asanakwere. Pansi pa masitepe anthu obwerera ku Mildura anali atandanda kale.

"Zikomo poyenda nafe," anatero monga amanenera kwa aliyense. Kenako mawu anatsika. "Ndiye bwanji, Adadi?"

"Mipando yanu ndi yothina."

"Ndikudziwa."

"Tiyi ndi wodula, komanso ndi wozizira."

"Adadi."

A Merv anakanda chibwano. "A ku shedi ndiwaimbira mawa. Apeze munthu wina."

Tegan anangogwedeza mutu, maso ali pa thumba lake. Mnzake anamuitana chakumbuyo, iye n'kutembenuka kuyamba kutola makapu m'mipando.

Kunja kunali kofunda, mpweya ukununkhira mchere ndi mafuta a ndege. A Sandro anali ataima pakati pa njira akuvula majuzi awo limodzi limodzi, thukuta lili kamukamu, akazi awo akuwakalipira kuti akutsekereza anthu. Tinawalambalala, a Merv akufunsa ngati kumene tikukagonako kuli malo ogulitsa nsomba ndi tchipisi pafupi, chifukwa njala inali itawagwira.