Zaka Seveni za Hana

Jenifa anatseka buku mwamphamvu n'kuliponya pamphasa.

"Latha?" anafunsa mkulu wake Eliza, uku akukoka chingwe cha zitini kuti mpheta zichoke pampunga.

"Latha. Koma landikwiyitsa, achemwali."

Linali sabata lachitatu awiriwa akuingitsa mbalame kusikimu ya mpunga ya Likangala. Jenifa anali atalemba mayeso a Fomu 4, ndipo podikira zotsatira anabwereka buku lopanda chikuto m'bokosi la kutchalitchi. Linali la Chingerezi, nkhani ya kale anthu akuyenda pa ngolo za akavalo. Hana, mwana wa abusa, anatomeredwa ndi kalipentala yemwe anasowa tsiku lomwe belu la tchalitchi linabedwa. Mudzi wonse unati wakuba ndi iyeyo. Hana anakana, nayamba kufufuza yekha, kwinaku akupemphera ndi kudikira. Eliza analekeza Sitandade 6, choncho tsiku lililonse Jenifa ankamufotokozera pomwe wafika, akusintha mawu ngati sewero la pawailesi.

"Ndiye belu anaba ndani?"

"Mkulu wa mpingo wonenepa uja. Ine ndinamudziwa kalekale, munthu wanji wopemphera motalika chonchija? Pamenepo wolembayu anayesetsa, mtima umachita kugunda. Koma Hanayo! Zaka seveni, achemwali! Tsamba lililonse ali pawindo, tsamba lililonse misozi ndi vesi. Masamba ena ndimangodumpha. Mwamuna wokukonda sangakhale chete zaka zonsezo, olo kakalata. Ukaona kuli zii, dziwa kuti kumeneko kuli wina akumuchapira. Wolembayu akuti ndi chikhulupiriro. Ine ndikuti ndi uchitsiru basi."

Zitini zinasiya kulira.

Apa m'pamene Jenifa anadzimva zomwe wanena. Mlamu wake Wilisoni, mwamuna wa Eliza, anakwera boti padoko la Kachulu zaka zitatu zapitazo, akuti akukapha nsomba tsidya la ku Mozambiki. Anaimba foni kamodzi kokha. Amalume awo a Fanuelo, omwe anali nkhoswe ya banjali, anabwera kawiri kudzapempha kuti aitane akuchimuna, ukwati uthe mwadongosolo. Kawiri konse Eliza anati adikire kaye.

"Achemwali, ine ndimanena za m'buku."

"Ndamva, aphunzitsi." Eliza anaseka pang'ono, koma maso anali kumpunga. "Uchitsiru. Ku Fomu 4 amaphunzitsa mawu olunjika eti?"

"Pepani. Pakamwa pangapa mukupadziwa."

Eliza anamanganso mpango wake, nasasa chitenje. "Gwira chingwechi. Ndikapeze amalume asanapite ku Songani."

Jenifa anadzuka msangamsanga. "Dikirani, sindinamalize! Kalipentala uja anabwera. Anamutsekera m'ndende ya kutali pa mlandu wabodza, makalata ake ankabisa ndi mkulu wa mpingo yemwe uja. Anabwera, achemwali, anakwatirana mvula ikugwa, ine mpaka ndalira. Taonani, tsamba ili!"

Eliza sanayang'ane tsambalo. "Hanayo anali ndi ana angati?"

"Analibe."

"Nanga mbalame ankamuingitsira ndani?"

"Kwawoko kunalibe mpunga. Bambo ake anali ndi antchito."

"Ndiye akanatha kudikira olo zaka twente." Eliza anaima kaye pamzere wa pakati pa ndime. "Ukudziwa, Jeni, amayi ananena. Amalume ananena. Azimayi a kumvano ananena mozungulira, monga amachitira. Onsewo sindinawamvere. Koma iwe mmene umafotokozera za mtsikanayu, mawu ako akunjenjemera, ndimati pakhomo pathu pali mmodzi yemwe sandiona ngati wopepera. Ndimabwera kuno m'mawa ndikuthamangira chimenecho."

"Sindikuonani choncho. Mulungu akudziwa."

"Usamuvutitse Mulungu. Wanena zomwe unaona, ndipo sunaname."

Eliza anatsika mumsewu wa m'mbali mwa ngalande osacheuka. Jenifa anafuna kumuthamangira, koma mpheta zinatsika gulu lonse pangodya ya munda, ndipo mpunga umenewo ndiwo unali chakudya cha ana a Eliza. Anakoka chingwe, nakuwa mpaka mawu anasasa.

Loweruka ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango. Nkhani sinatalike. Akuchimuna anati nawonso alibe mawu alionse ochokera kwa mwana wawo, ndipo sangamange munthu pachabe. A Fanuelo anafunsa Eliza katatu ngati watsimikiza. Katatu konse anati eya, ndi mawu osagwedera.

Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi thumba. Munali jekete la Wilisoni, nsapato za kutchalitchi ndi ukonde wong'ambika womwe ankati adzasoka akabwera.

"Jeni," anaitana Eliza, "aperekeze alendowa mpaka pamsewu. Agogo akuchimunawa sangathe kunyamula thumbali."

Jenifa anasenza thumbalo. Linali lopepuka kuposa mmene ankaganizira.