Nthambi Zimene Sizinali M'kope

Nyimbo inali isanafike pakati pamene kumtunda kunamveka injini ikulira ngati yapenga. Amayi a mvano anapitiriza kuimba. Aliyense wodutsa msewu wafumbi wa kwa Mavwere akanadzionera yekha nthambi zaziwisi zimene adzukulu anayala pamsewu posonyeza kuti pali maliro. Wanjinga amatsika n'kukankha. Wagalimoto amakwawa, wailesi atatseka.

Galimoto iyi sinakwawe. Inatulukira pakona itapendekeka, kumbuyo kwake kukutsetsereka chammbali, n'kuponda nthambi zija mpaka zina kuuluka. Fumbi lofiira linagwera anamfedwa, linagwera mabuku a nyimbo, linagwera ngakhale bokosi limene linali litangotulutsidwa m'siwa.

"Mfiti!" anakuwa mayi wina akutsokomola. "Ameneyo kwawo sikufa anthu?"

Tiyanjane sanakuwe nawo. Anali pamphasa pambali pa Felista, mnzake wogulitsa naye tomato pa Kamwendo, amene mayi ake ndiwo anali m'bokosimo. Pikiyapu yoyerayo anaizindikira isanadutse n'komwe, chifukwa cha kambendera koyera ka mtanda wabuluu komatidwa pagalasi. Inali ya a Lameki, ochita malonda kuboda. Woyendetsa anali mwamuna wake, Rodrick, yemwe m'mawa womwewo anati abwana amutuma kukasiya katundu. Ndipo pampando wakutsogolo panali mkazi, atazolika mutu.

Pasiteji ya Kamwendo anzake a Rodrick ankamutcha Finilandi. Rodrick anali ndi mzungu wake wa dziko limenelo, katswiri wa mpikisano wa galimoto za m'misewu yafumbi, wa dzina lalitali loti lilime linkapindika. Mbiri yake anailoweza kuposa Katekisimu: chaka chimene anayamba, chaka chimene anapambana koyamba, mitundu ya galimoto zimene anayendetsapo, ngakhale kangati anagubuduzika n'kutuluka wamoyo. Ali pachibwenzi, Tiyanjane ankamvetsera nkhani zimenezi mtima ukusungunuka. Tsiku lina, atakhala pansi pa mtengo wa mango, Rodrick anamulozera munthu wachiwiri pafoni.

"Ukumuona wapambaliyu? Ntchito yake n'kuwerenga kope: kona ikubwerayi ndi yakuthwa, kutsogolo kuli mlatho. Woyendetsa sadikira kuona, amakhulupirira mawu a mnzakeyo. Moyo wake wonse amauika m'kamwa mwake. Mpando umenewu, Tiya, ndi wako."

Zaka ziwiri zapitazo Rodrick anagubuduza galimoto yodzaza mtedza m'dambo. Tiyanjane anagona pansi pa bedi lachipatala masabata atatu akumudwazika, ali ndi pakati. Atatuluka anamuuza pamaso pa ankhoswe kuti tsiku limene adzamuonenso akuthamanga, iye adzabwerera kwawo kwa Zulu. Rodrick analumbira akulira.

Tsopano kumunsi kunamveka mabuleki, kenako chiphokoso. Ngolo yobweretsa nkhuni za pamaliro inali itapingasa msewu, ndipo pikiyapu ija, poizemba, inakalowa m'mizere ya munda n'kuzima. Adzukulu anathamangirako, makasu ali m'manja.

Felista anamugwira mkono. Maso ake anali otupa ndi kulira, komabe anali atazindikira.

"Khala pansi, mnzanga," ananong'ona. "Kuno palibe akudziwa kuti ndi wako."

Zinali zoona. Akanatha kufunda chitenje kumutu n'kusiya zonse zimupite. Koma mutu wozolika uja sunamuchoke m'maganizo. Anaimirira, namanga chitenje mwamphamvu, n'kutsetsereka msewu.

Anapeza Rodrick atamutulutsa kale. Mkulu wa adzukulu, bambo wamfupi wotchedwa Zakeyu, dothi la kumanda lili mpaka m'mawondo, ankazunguza kiyi pachala.

"Achimwene, tiuzeni bwinobwino," Zakeyu ankatero. "Ngati mumathamangira dzenje, takumba limodzi lokha, ndipo lili ndi mwini wake kale. Koma makasu sitinatsuke. Tikukumbireni lanu?"

"Pepani, akuluakulu, sindinaone nthambi."

"Simunaone? Mtengo wathunthu tinaugwetsera pamsewu! Maso munawasiya kuti?"

"M'kope munalibe," Rodrick anayankha motsitsa, asanaganize.

"M'chiyani?"

Apo ndi pamene Rodrick anamuona mkazi wake. Tiyanjane sanamuyang'ane kawiri. Anazungulira galimoto n'kukatsegula chitseko cha mbali inayo. Mkazi uja anali ataphimba nkhope ndi kope la ana asukulu. Chala chaching'ono chinali ndi chipsera cha mpeni. Tiyanjane anachidziwa chipseracho, poti ndiye anachimanga nsanza kalekale.

Anatsomphola kopelo.

"Dyna."

"Asisi, ndikufotokozereni..."

"Iwe si uja unati ukupita kokaphunzira kusoka?"

Dyna anali mng'ono wake, yemwe anamutenga kumudzi kuti azikhala naye. Tiyanjane anatsegula kope. Tsamba ndi tsamba, m'zolemba zozungulira za Dyna: kumanja pang'ono, ponda, kumanzere kwakuthwa pa chulu, mchenga, usaponde buleki, mlatho wopapatiza, khala pakati. Kumapeto kunali mndandanda wa masiku ndi mphindi. Masabata khumi ndi anayi. Mphindi zinkachepa sabata ndi sabata, ndipo pambali pa tsiku lomaliza panali nyenyezi.

"Palibe choipa tinkachita, Tiya," Rodrick anatero. "Ndikulumbira. Mlamu wanga amangowerenga basi. Funsa."

"Mukulumbira? Inu?" Tiyanjane anaseka kuseka kopanda mano. "Bola mukanakhala ndi chibwenzi, a Rodrick, ndikanadziwa chomenya. Koma mwatenga mwana wa mayi anga, mwamukhazika pampando wa imfa, masabata khumi ndi anayi, ine ndikukuchapirani malaya afumbi n'kumati n'kulimbikira ntchito!"

"Ndimaopa kukuuza."

"Mumaopa ine, koma simuopa ngolo? Simuopa mwana wotuluka m'chimanga? M'mawa ndakuuzani kuti maliro ali msewu wa kwa Mavwere. Munati 'eya, eya' maso ali pa mzungu wanu."

"Msewu uno Lamlungu sumakhala ndi anthu. Tinaulemba wonse, kona iliyonse..."

"Munaulemba liti?"

"Miyezi inayi yapitayo."

"Ndiye amayi a Felista akanayamba akufunsani kuti amwalire tsiku liti, kuti muwalembe m'kope?"

Adzukulu ena anaseka, koma Zakeyu anawatontholetsa ndi dzanja. Anali atamva kuti moto uwu si wawo.

"Kwa azungu anuwo amatseka msewu," Tiyanjane anapitiriza. "Munandiuza nokha. Kuno msewu ndi wa mbuzi, wa ana, wa maliro. Ndipo iwe Dyna, mutu uli pansi ngati nkhuku yodwala, ukumuuza munthu kuti ponda, osadzutsa maso ngakhale kamodzi!"

"Alamu anati wowerenga sayang'ana kutsogolo," Dyna anatero akusisima. "Anati ndili ndi mawu abwino osachita mantha."

Mawu amenewo ndiwo anamulasa. Tiyanjane anayang'ana mpando uja, wong'ambika pakona, lamba wake akulendewera. Anakumbukira mtengo wa mango. Kwa kanthawi anaopa kuti alira pamaso pa anthu achilendo.

"Mayi," Zakeyu anatero mwaulemu, "poti ndi wanu, tiuzeni. Anthu kumtundaku akufuna aphwanye magalasi. Ena akuti timuperekeze kupolisi."

"Kumanda n'kutali bwanji?"

"Kuseri kwa dambo. Ndi kamtunda ndithu, ndipo bokosi ndi lolemera."

"Akankheni atuluke m'mundamo. Anyamule amayi athu. Fumbi wawathira yekha, awaperekezenso yekha."

Zakeyu anakafunsa kwa eni maliro. Panali kung'ung'udza, ena akukana kuti munthu wamwano sangakhudze bokosi. Felista ndiye anadula nkhani. "Anyamule," anatero, "koma ayambe wabwezera nthambi zathu."

Rodrick anakwera msewu wapansi, akutola nthambi imodziimodzi n'kuiyala pamalo pake, anthu mazana akumuyang'ana chete. Kenako anavula malaya ake napukuta fumbi pabokosi. Atalikweza m'pikiyapu, anatsegulira Dyna chitseko mwachizolowezi, koma Tiyanjane anali ataima kale pamenepo.

"Iwe pita kumbuyo, ukayende ndi amayi. Uziimba."

Anakhala pampando uja kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngozi ya m'dambo, kope lili pamiyendo. Galimoto inanyamuka m'giya yoyamba. Kutsogolo kunkayenda mnyamata wonyamula mtanda, kumbuyo nyimbo. Agogo a ndodo ankaipitirira. Rodrick anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Tiya," anatero atayenda kamtunda, "unene kanthu."

"Kutsogolo kuli mwana," anayankha osamuyang'ana. "Kumanzere kuli nkhalamba. Pang'onopang'ono."

Rodrick anamvera. Mpaka kumanda anamvera mawu aliwonse, ndipo bokosi silinagwedezeke ngakhale pa mchenga. Penapake Tiyanjane anaona kuti munthuyu amadziwadi kuyendetsa, ndipo zimenezo zinangomuonjezera mkwiyo.

Mwambo utatha, anthu akusamba m'manja, Zakeyu anabweza kiyi amene anamulandanso atafika kumanda. Rodrick anapeza mkazi wake ataima ndi Dyna pamphambano.

"Tiyeni tizipita kunyumba," anatero mofatsa.

"Pitani mukabweze galimoto ya eni. Muwauze nokha a Lameki kumene inali, asanamve kwa ena. Ine ndigona kuno ndi Felista. Mawa ndikatenga mwana, ine ndi Dyna tikupita kwa Zulu."

"Tiya, chonde. Lero lomwe ndasiya."

"Munasiya kale mutatuluka m'chipatala." Anapinda kope lija pakati n'kulilowetsa m'chitenje, pachifuwa. "Ili ndatenga. Mukalifuna, mukudziwa nyumba ya mayi anga. Mubwere ndi ankhoswe anu."

Anayenda masitepe angapo, kenako anatembenuka. Rodrick anali chiimire, kiyi ali m'manja, malaya ofiira ndi fumbi la pabokosi.

"Ndipo a Rodrick," anatero, "mubwere wapansi."